Finse, mudzi wa pakati pa njanji ndi ayezi

Sitima yochoka ku Oslo kupita ku Bergen ikayenda maola anayi ndi kanthu, mitengo imayamba kufupika, kenako imatheratu. Pawindo pamangotsala miyala, nyanja zozizira ndi zigamba za chipale chofewa zomwe zina sizisungunuka ngakhale mu Julayi. Pamenepo sitima imaima pa siteshoni ya Finse, pamalo okwera mamita 1,222 kuyeza kuchokera kunyanja yamchere. M'dziko lonse la Norway mulibe siteshoni ina ya njanji yokwera kuposa imeneyi. Kulibenso msewu wa anthu onse woti munthu n'kufikako pagalimoto. Wofuna kufika ku Finse amakwera sitima. Apo ayi, m'chilimwe amapalasa njinga kapena kuyenda wapansi, ndipo m'nyengo yachisanu amatsetsereka pa ski, timatabwa tatitali tomangirira kumapazi tija.

Ndi kamudzi kakang'ono: siteshoni, hotelo, nyumba yogona oyenda m'mapiri, malo a kafukufuku, ndi nyumba zamatabwa zomwe zambiri eni ake amangobwerako patchuthi. Okhalako chaka chonse ndi owerengeka. Komabe taona kuti n'koyenera kuima pa mudzi umenewu n'kuwerengera zimene wadutsamo ndi zimene zikuudikira, popeza papita zaka zoposa 110 sitima zikudutsa kumeneko, ndi zaka zoposa 30 chichitikire chinthu chimene chinatembenuza moyo wake wonse. Ife tikuona kuti Finse wakhala ndi moyo kawiri, ndipo maulendo onse awiri mwini nkhani anali chipale. Poyamba anthu ankadya chifukwa cholimbana nacho. Kenako anayamba kudya chifukwa cha alendo obwera kudzachiona. Tsopano chisanu chikuchepa mphamvu, ndipo mudziwu uyenera kudziwa chimene udzaimirepo.

Finse ali m'dera la khonsolo ya Ulvik, m'chigawo cha Vestland. Kumpoto kwake kuli Hallingskarvet, chiphiri cha maphompho chotambalala makilomita oposa 30, chomwe nsonga yake, Folarskardnuten, imafika mamita 1,933. Kummwera kuli Hardangerjøkulen, chisoti cha ayezi chovundikira phiri lonse, ndipo kuseri kwake kwayala Hardangervidda, chitunda chathyathyathya chachikulu kuposa zonse za mtundu wake kumpoto kwa Ulaya. Pakati pa mapiri awiriwa pali nyanja ya Finsevatn, ndipo mudzi unamangidwa m'mphepete mwake. Pamapu a boma Finse ndi wa kumadzulo, koma madzi ake amalowera kummawa: amatuluka ndi mtsinje wa Ustekveikja, n'kutsikira m'chigwa cha Hallingdal mpaka kukathira m'nyanja yamchere ku Drammen.

Miyala ya kumeneko inasanjikizana m'magawo atatu. Pansi pali miyala yakalekale yolimba, ya granite ndi gneiss. Pakati pali mwala wofewa wosachedwa kufumbutuka, wotchedwa phyllite, womwe poyamba unali matope a pansi pa nyanja. Pamwamba penipeni pali miyala ina yolimba imene inakankhidwira pamwamba pa inzake zaka pafupifupi 400 miliyoni zapitazo, pamene zigawo za dziko zinagundana n'kutukula mapiri. Gawo lapamwambali n'limene lateteza Hallingskarvet kuti asaperepeseke, pomwe mwala wofewa wapakatiwo ndi umene umapatsa nthaka chonde chomeretsa timaluwa ta m'mapiri m'masabata ochepa a chilimwe.

Kukwera kwa Finse pakokha sikodabwitsa. Kukufanana ndi kwa mzinda wa Mzuzu, kumene nthochi ndi khofi zimabereka bwino. Kusiyana kuli poti Finse ali madigiri 60 kumpoto kwa ikweta. Pa avereji ya chaka chonse, kutentha kumakhala pansi pa ziro. Ngakhale Julayi, mwezi wofunda kuposa yonse, avereji yake siifika madigiri 10, ndipo n'chifukwa chake mitengo siimera. Mu Disembala kumawala maola pafupifupi 6 okha, pomwe mu Juni usiku umangochita chizirezire. Koma amene amalamula ku Finse ndi mphepo. Imachokera kunyanja ya Atlantic itasenza chinyezi, imakwera mapiri a kumadzulo, n'kukhuthula chipale. Popeza kulibe mtengo woitchinga, imasesa chipalecho m'zitunda n'kukachiunjika m'makwawa, kuseri kwa nyumba ndi panjanji. Pena mumapeza mwala uli poyera, mukangoyenda pang'ono n'kupeza mulu wa chipale wofika padenga.

Anthu anafika m'mapiri amenewa kalekale, koma sankakhalamo. Ankatsata reindeer, nyama ya nyanga za mphandamphanda yonga mphalapala, yomwe imayenda m'magulu aakulu. Ofukula zakale apeza misasa ya alenje a nthawi ya zida zamiyala m'mbali mwa nyanja za m'deralo. Ku Sumtangen, kummwera chakummawa kwa Finse, kuli milu ya mafupa yosonyeza kuti m'zaka za m'ma 1200 kunkachitika uzimba waukulu. Ankakusa nyamazo ndi mizere ya miyala yoimika mpaka zitalowa m'madzi, n'kuzibaya ali m'mabwato. Chisanu chikayandikira, onse ankatsikira kuzigwa. Panalibe woganiza zomanga mudzi pamalo pomwe mbewu siimera.

Mudzi unabwera ndi njanji. Kale munthu wochoka ku Bergen kupita kulikulu, lomwe nthawi imeneyo linkatchedwa Kristiania, ankazungulira gombe pa sitima yapamadzi kwa masiku angapo. Mu 1894 Nyumba ya Malamulo, Storting, inavomereza kuti njanji ikwere phiri kuchokera ku Voss. Ntchitoyo anaigwira ndi amuna otchedwa rallar, anthu oyendayenda otsata ntchito za njanji, ena a ku Norway komweko, ena ambiri ndithu a ku Sweden. Zida zawo zinali nyundo, zitsulo zoboolera miyala, dainamaiti, piki, fosholo ndi wilibala. Asanayale njanji anayamba alambula msewu woti akavalo azikokerapo chakudya, matabwa ndi zitsulo. Ngalande ya Gravhals yokha, ya mamita 5,311, inatenga zaka pafupifupi 10. Gulu lililonse linali ndi mayi wophika, amene ankadzuka aliyense asanadzuke m'chisakasa chozizira, ndipo popanda amayi amenewa ntchitoyo sikanayenda.

Njanji zochokera mbali ya ku Bergen ndi ya kulikulu zinakumana ku Ustaoset mu 1907. Chisanu choyamba chinaonetsa mainjiniya kuti ntchito sinathe, chifukwa chipale chinakwirira njanji ndipo sitima zinalephera kudutsa kwa miyezi. Pamene Mfumu Haakon VII inkatsegulira njanjiyo pa 27 Novembala 1909, patangopita zaka zinayi Norway atasiyana ndi Sweden, zinali zitadziwika kuti njanji ya pamwamba pa phiri imafuna anthu oiyang'anira usana ndi usiku. Anthu amenewo anaikidwa ku Finse.

Kumeneko kunkakhala zimakina za nthunzi zokhala ndi chigudumu cha mipeni kutsogolo, chomwe chinkadula chipale n'kuchiponyera kutali ndi njanji. Kunali magulu a amuna a mafosholo, oyendetsa injini, amakanika, ndiponso alonda a njanji omwe ankakhala ndi mabanja awo m'nyumba zotalikirana m'mbali mwa njanjiyo. Nyumba ya Fagernut, pa mamita 1,310, ndiyo inali yokwera kuposa zonse. Mlonda ankayendera chigawo chake tsiku ndi tsiku, kuwombe mphepo kapena kude, kuti aone ngati njanji ili bwino sitima isanadutse. M'malo oopsa anamanga mashedi aatali amatabwa okuta njanji. Mudzi utafika pachimake munali anthu pafupifupi 200, muli sitolo ndi sukulu. Ana anabadwirako n'kukulirako osadziwa mthunzi wa mtengo. Tikamawerengera zimene Finse wasiyira dziko lake, tiyambe ndi anthu amenewa. Kwa zaka zoposa 80 mizinda iwiri yaikulu ya Norway inkalumikizana m'chisanu chifukwa chakuti iwo ankadzuka usiku kukafosholera chipale.

Mbiri imene alendo ambiri amaidziwa ndi ina. Hotelo inatsegulidwa mu 1909, ndipo posakhalitsa olemera a ku Ulaya anayamba kubwera kudzasewera pa chipale. Mu 1914 kunamangidwa holo ya masewera otsetsereka pa ayezi, yoyamba m'dzikolo, ndipo Sonja Henie, amene pambuyo pake anapata mendulo ya golide katatu pa Olimpiki, ankachitirako zokonzekera. Chaka chomwecho Ernest Shackleton anabwera kudzayesa zida zake asananyamuke ulendo wa ku Antarctica pa sitima ya Endurance. Roald Amundsen anali atalawa kale ukali wa Hardangervidda mu 1896, pamene iye ndi mchimwene wake anasochera m'chimphepo cha chipale n'kutsala pang'ono kufa. Mu Malichi 1979 opanga filimu ya The Empire Strikes Back anasandutsa Finse kukhala dziko la ayezi lotchedwa Hoth, ndipo mphepo inakula mpaka zithunzi zina anazijambulira pakhomo pa hotelo. Onse obwera ku Finsewa ankafuna chinthu chimodzi: chisanu chenicheni cha kumapeto kwa dziko, koma chofikika pa sitima.

Kusintha kwakukulu kunadza mu 1993. Chigawo cha njanji cha kumadzulo kwa Finse, chodutsa ku Taugevann pa mamita 1,301, n'chimene chinkavutitsa kwambiri ndi kudya ndalama zochuluka. Boma linaboola ngalande ya makilomita 10.3 pansi pa phiri, ndipo sitima zinasiya kukwera kumeneko. Malo okwera kwambiri a njanji yonse tsopano ali mkati mwa ngalandeyo, pa mamita 1,237. Sitinganene kuti analakwitsa. Sitima zinayamba kusunga nthawi, ndipo amuna sankafunikanso kuika moyo pachiswe pakati pa usiku, fosholo ili m'manja. Nazonso reindeer zinapeza mpata wodutsa pamwamba pa phiri popanda sitima zozidukiza. Koma ntchito yomwe inkasunga mabanja ku Finse inathera pomwepo. Anthu anali atayamba kale kuchepa, makamaka njanji itayamba kuyendera magetsi mu 1964, makina n'kumagwira ntchito ya anthu ambiri. Ngalande inangomalizitsa. Lero sukulu kulibe, ndipo zimakina zodula chipale zija anthu amakaziona m'nyumba yosungiramo zakale ya Rallarmuseet.

Chimene chinapulumutsa Finse ndi msewu wa akavalo uja. Mu 1974 unatsegulidwa kuti anthu azipalasapo njinga, ndipo lero Rallarvegen, wa makilomita pafupifupi 80 kuchokera ku Haugastøl kudzera ku Finse mpaka ku Flåm, ndi umodzi mwa misewu ya njinga yotchuka kwambiri m'dzikolo. Chaka chomwecho unayamba mpikisano wa ski wa Skarverennet, womwe kumapeto kwa Epulo umanyamula anthu zikwizikwi kuchoka ku Finse kupita ku Ustaoset. Pa 17 Meyi, tsiku lokumbukira malamulo oyendetsera dziko, anthu amakwera pa ski, mbendera zili m'manja, mpaka pamwamba pa Hardangerjøkulen. Bungwe la oyenda m'mapiri la DNT lili ndi nyumba yake yaikulu, Finsehytta, m'mbali mwa nyanja. Umenewu ndi moyo ndithu, ndipo ukudyetsa anthu. Koma ndi moyo wa nyengo, woti antchito ambiri amabwera ikayamba n'kuchoka ikatha. Ndipo wonse watsamira pa kuti chipale chigwe pa nthawi yake, chikhale chouma, ndiponso kuti chisoti cha ayezi chikhalepobe.

Apa m'pamene tiyenera kuchedwapo. Hardangerjøkulen ndi chachisanu ndi chimodzi pa kukula mwa zisoti za ayezi za ku Norway, osawerengera zilumba za kutali kumpoto. Pamwamba pake pamafika mamita pafupifupi 1,860, ndipo m'malo ena madzi oundanawo ndi ochindikala mamita oposa 300. Kuchokera pachisoticho pamatsika malilime angapo. Blåisen ndi Midtdalsbreen amayang'ana ku Finse, pomwe Rembesdalskåka amatsikira kumadzulo. Lilime lakumadzuloli bungwe la boma loona za madzi ndi magetsi, NVE, lakhala likuliyeza chaka ndi chaka kuyambira 1963. Kumapeto kwa chisanu amayeza chipale chimene chagwa, ndipo kumapeto kwa chilimwe amayeza chimene chasungunuka. Anthu a m'chigwa cha Simadal amalidziwa bwino lilime limeneli, chifukwa limatchinga nyanja ya Demmevatn, ndipo mu 1893 ndi mu 1937 madzi ake anaboola n'kusesa chigwacho. Lero madzi a mbali imeneyo amagwera m'damu n'kukapukusa makina a magetsi a ku Sima, amodzi mwa aakulu kwambiri m'dzikolo.

Chisotichi sichinakhalepo chikhalire. Chinasungunuka chonse m'nyengo yofunda imene inatsatira nthawi ya ayezi, n'kuyambanso kukula zaka pafupifupi 4,000 zapitazo. Chinafika pachimake cha m'ma 1750, ndipo milu ya miyala imene chinakankha panthawiyo ilipobe. Munthu wochoka ku Finse amaidutsa n'kuyendabe mtunda ndithu asanaponde madzi oundana. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kunagwa chipale chambiri motsatizana, moti malilime ena anayamba kutsikanso. Koma kuchokera cha m'ma 2000 zaka zambiri zakhala zotaya. Chisoti chimene chinkayezedwa masikweya kilomita oposa 70 tsopano chatsikira m'ma 60.

Choopsa chili m'kapangidwe kake. Chisotichi n'chathyathyathya pamwamba, ndipo chimadzisunga chokha ndi msinkhu wake. Pamwamba pake n'pozizira chifukwa n'pokwera, ndipo n'pokwera chifukwa cha kuchindikala kwa madzi oundanawo. Chikaphwa pang'ono, pamwamba pake ponse pamatsikira mumpweya wofundirapo, mmene chipale chimasungunuka msanga, ndiye chimaphwa moposerapo. Mu 2010 Rianne Giesen ndi Johannes Oerlemans a ku yunivesite ya Utrecht anawerengera kuti kukafunda ndi madigiri atatu, chisotichi chikhoza kutha cha m'ma 2100, ngakhale mvula ndi chipale zitawonjezeka. Kafukufuku wina wa ku yunivesite ya Bergen, wa mu 2017, anapeza kuti chitati chisungunuke chonse, sichingaphukenso ngakhale nyengo itangokhala mmene ilili lero, chifukwa thanthwe la pansi pake n'lotsika kwambiri. Ndiye kuti mwana wobadwa chaka chino ku Voss kapena ku Geilo akhoza kudzaona zotsala zake zomaliza asanamwalire.

Kusintha kwina sikuoneka pazithunzi chifukwa kumachitikira pansi pa chipale. Lemming ndi kambewa ka m'mapiri ka mawanga achikasu ndi akuda. M'chisanu kamakhala m'kampata ka pakati pa nthaka ndi chipale chofewa, mmene simuzizira kwambiri, ndipo m'menemo kamadya ndere ndi udzu n'kuswana. Kale, zaka zitatu kapena zinayi zilizonse, tinyamati tinkachuluka mpaka kudzaza phiri, ndipo chaka chimenecho nkhandwe, akadzidzi ndi mbalame zina zodya nyama zinkabereka bwino. Pa malo a kafukufuku a ku Finse, omwe mayunivesite a Oslo ndi Bergen akhala akuyendetsa limodzi kuyambira 1972, anthu akhala akutchera ndi kuwerenga timbewati kwa zaka zambirimbiri. Mu 2008 Kyrre Kausrud, Nils Christian Stenseth ndi anzawo anasindikiza m'magazini ya Nature zimene manambalawo ankasonyeza: itadutsa 1994, kuchuluka kwa nthawi ndi nthawi kuja kunasokonekera. Chinasintha ndi mtundu wa chipale. Kukafunda pakati pa chisanu, kapena mvula ikagwa pa chipale kenako n'kuziziranso, pansi pamaundana kuti gwa, kampata kaja kamatsekeka, ndipo chakudya chimakhala chosafikirika.

Nkhandwe ya m'mapiri, yomwe lamulo linaiteteza mu 1930 alenje a zikopa atatsala pang'ono kuimaliza, inazimiririka ku Finse cha m'ma 2000. Yabwereranso chifukwa bungwe la kafukufuku la NINA limaweta ana ake ku Oppdal n'kukawamasula m'mapiri, kwinaku likuwaikira chakudya. Ndi ntchito yoyenera kuiyamikira, koma tsogolo la nkhandweyi lidakali m'manja mwa timbewa tija ndi chipale chomwe timakhalamo.

Nkhani ya reindeer ndiyo yolemera kwambiri. Gulu la ku Hardangervidda ndi lalikulu kuposa magulu onse a reindeer zakutchire ku Ulaya, ndipo kumpoto kwa njanji kuli dera lina, la Nordfjella. Finse ali pakati penipeni pa madera awiriwa. Mu 2016 ku Nordfjella kunapezeka nthenda yowononga ubongo ya CWD, koyamba mu Ulaya yense, ndipo pofika 2018 boma linali litapha nyama zonse za chigawo chakumpoto cha deralo, zoposa 2,000. Mu 2020 nthendayo inapezekanso ku Hardangervidda. Mu 2021 reindeer yakutchire inalembedwa pa mndandanda wa dzikolo wa nyama zomwe zikuyandikira chiopsezo, ndipo mu 2022 akatswiri anaika madera onse awiriwa m'gulu la amene zinthu sizili bwino. Nthenda si vuto lokhalo. Nyamazi n'zamantha, zimapewa misewu, nyumba ndi njira zodutsa anthu ambiri, moti msipu ukhoza kukhalapo koma izo osaufikira. Apa m'pamene moyo wachiwiri wa Finse ukuombana ndi eni phiri enieni. Mpata umene ngalande inatsegula ndi womwewo umene anthu a njinga ndi a ski amadutsamo.

Nanga kutsogolo kuli chiyani? Za chisoti cha ayezi sizidzagamulidwa ku Ulvik, ndipo tisanamize munthu kuti mudzi wa anthu owerengeka ungasinthe mpweya wa dziko lonse lapansi. Koma Norway sangadziike pambali. Magetsi ake pafupifupi onse amachokera kumadzi ndi kumphepo, sitima ya ku Bergen imayendera magetsi amenewo, ndipo galimoto zatsopano zambiri m'dzikolo ndi zamagetsi. Panthawi yomweyo, chipezekere mafuta m'nyanja ku Ekofisk mu 1969, dzikoli lalemera ndi kugulitsa mafuta ndi gasi, ndipo likuperekabe ziphaso zofufuzira ena. Storting yomwe mu 1894 inalimba mtima kukweza njanji paphiri ndi yomwenso lero imavomereza zitsime zatsopano m'nyanja. Ife tikuti dziko limene limayeza kusungunuka kwa Rembesdalskåka mosamala chotere lili ndi udindo wolola kuti manambala amenewo alowe m'zigamulo zake za mafuta, osangothera m'malipoti.

Pali chinthu china chimene ambiri sachiyembekezera. M'zaka zikubwerazi, kufunda sikudzathamangitsa alendo ku Finse, koma kudzawachulukitsa. Chipale chikuyamba kuchepa m'malo otsika, m'nkhalango zozungulira Oslo ndi m'mapiri a kufupi ndi gombe, kumene anthu anazolowera kutsetsereka Loweruka ndi Lamlungu. Malo okwera ngati Finse ndi amene adzatsale nacho nthawi yaitali. Chilimwe chikamatalika, nyengo ya njinga nayo idzatalika. Choncho anthu adzachuluka panthawi yomwe nyama ndi zomera za m'phirimo zili zofooka kwambiri, ndipo padzakhala ndalama zokopa aliyense kuti awonjezere mabedi ndi nyumba.

N'chifukwa chake timaona kusowa kwa msewu ngati chinthu choyenera kuchigwira ndi manja awiri. Norway ali ndi nyumba zatchuthi zoposa 400,000, ndipo kulikonse kumene msewu wafika m'mapiri, nyumbazo zimatsatira, monga aonera ku Geilo ndi m'madera ena a Hallingdal. Finse wapulumuka chifukwa thabwa lililonse, thumba lililonse la ufa ndi mlendo aliyense zimadalira njanji, ndipo sitima ili ndi malire a zimene inganyamule. Tsiku lina padzapezeka wonena kuti msewu ungabweretse chitukuko. Ayankhidwe kuti ayi. Koma kukana msewu kumapereka ngongole kwa a njanji. Bane NOR, yomwe imasamalira njanji, ndi Vy, yomwe imayendetsa sitima za anthu, zisadzayese kufupikitsa ulendo wa Oslo ndi Bergen podumpha siteshoni ya anthu amene alibe njira ina yotulukira. Ndiponso chipale chonyowa, mvula ya pakati pa chisanu ndi madzi osefukira zidzafuna kuti njanjiyo iziyang'aniridwa mwa njira zatsopano, osaganiza kuti ngalande inathetsa zonse.

Pa za reindeer, tikuyembekeza kuti okonda phiri adzavomera kutaya kanthu. Ngati njira ina ikuyenera kutsekedwa mu Meyi, pamene nyama zikuswa, itsekedwe. Ngati njira yolembedwa zizindikiro ikudula podutsa nyama, isamutsidwe, ngakhale itakhala yokondedwa. Munthu akhoza kusintha tsiku la ulendo wake, pomwe nyama yapakati ilibe phiri lina lothawirako.

Ndipo tisaiwale kanyumba ka kafukufuku kaja. Zonse zimene tanena za lemming tikuzidziwa chifukwa panali anthu amene anatchera misampha pamalo amodzimodzi chaka ndi chaka, ngakhale zaka zimene panalibe chatsopano cholemba. Za chisoti cha ayezi tikuzidziwa chifukwa chiyambire 1963 pakhala anthu okwera kukayeza. Ntchito yotere siitchuka, ndipo bajeti ikathina imakhala yoyamba kuyang'aniridwa ndi diso lodula, koma mndandanda wa manambala ukaduka sulumikizika. Ku Finse kuli zimene malo ochepa ali nazo: nyengo ya kumapeto kwa dziko, siteshoni ya sitima pakhomo, ndi zolembedwa za zaka zoposa 50. Ophunzira akhoza kuchoka ku Bergen mmawa n'kukhala ataimirira patsogolo pa Midtdalsbreen madzulo. Ngati mudziwu udzakhale ndi moyo wachitatu, ife tikuuona ukuchokera pamenepa, pa ntchito yoyeza ndi kuphunzitsa, yomwe ingasunge anthu ena chaka chonse ndi kupatsa alendo chifukwa chobwerera ngakhale ayezi akuchepa. Mayunivesite awiriwo ndi boma aike ndalama zokhazikika pa malowa, zosadalira mapulojekiti a zaka zitatu.

Zotsalazo ndi za pa tebulo la khonsolo. A Ulvik, a njanji, a DNT, eni hotelo, eni nyumba zatchuthi ndi oyang'anira reindeer ayenera kugwirizana kuti Finse angalandire mabedi angati, nyumba zatsopano zingati, mipikisano ingati pachaka, ndi kuti ndi njira ziti zimene zizitsekedwa mwezi uti. Azilembe panopa, mitengo ya malo isanakwere ndiponso sitima za Loweruka zisanayambe kudzaza ndi anthu amene kwawo chipale chatha.